Mapeyala a ku Asia: zoyenera kudziwa dzenje lisanakumbidwe

Amene akuona chipatsochi koyamba amadabwa. N'chobulungira ngati apozi, ukachiluma chimalira kukutu ngati apozi, koma madzi ndi fungo lake n'za peyala. Ogulitsa ena amachitcha peyala la apozi, ndipo dzinali lapangitsa anthu ambiri kuganiza kuti wina anakwatitsa mitengo iwiriyo. Sizinatero ayi. Ndi peyala lenileni, lopanda magazi a apozi ngakhale dontho.

Chisokonezo china chili m'chilankhulo chathu chomwechi. Tikati peyala, ambiri timaganiza za chipatso cha mafuta chija cha nthangala imodzi yaikulu pakati. Pano sitikunena chimenecho. Tikunena za mitengo ya m'gulu lotchedwa Pyrus, yapachibale ndi maapozi, imene imathothoka masamba nyengo yozizira n'kudzachita maluwa oyera kunja kukayamba kufunda.

Munthu wofuna kudzala mtengowu amakumana ndi mayina ngati Hosui, Shinko, Ya Li ndi Nijisseiki, manambala a maola a kuzizira, ndi chenjezo loti mtengo umodzi subereka pawokha. Ambiri amayamba ndi funso loti mtundu wokoma kwambiri ndi uti. Funsolo ndi labwino, koma limayenera kubwera pomaliza, mafunso ena anayi atayankhidwa: kuzizira kwa malo, mnzake wopereka mungu, mizu imene mtengowo waimapo, ndi matenda a m'deralo.

Peyala la ku Asia n'chiyani kwenikweni

Dzinali limaphimba mitengo ingapo yapachibale. Waukulu ndi Pyrus pyrifolia, umene ku Japan amautcha nashi ndipo ku Korea amati bae. Palinso Pyrus bretschneideri, peyala loyera la kumpoto kwa China, ndi Pyrus ussuriensis, wochokera kumadera ozizira koopsa a kumpoto chakum'mawa kwa China ndi kum'mawa kwa Russia. Mapeyala a ku Ulaya, aja a khosi lalitali ngati Bartlett ndi Conference, ndi a Pyrus communis. Anthu a ku China akhala akulima mapeyala awo kwa zaka zoposa 2,000, ndipo lero dziko limenelo lokha limakolola mapeyala oposa theka la mapeyala onse a padziko lapansi. Ku California mbewu zake zinafika ndi anthu a ku China amene anapita kukakumba golide cha m'ma 1850, koma minda yamalonda m'mayiko ngati New Zealand inakula m'zaka za m'ma 1980.

Kusiyana kwakukulu ndi abale ake a ku Ulaya ndi kapsedwe. Peyala la ku Ulaya limathyoledwa likadali lolimba, limasungidwa pozizira, kenako n'kufewa lili m'nyumba. Likapsera pamtengo limaphwanyika mkati. La ku Asia limapsera pamtengo, ndipo shuga amene lili naye tsiku lothyola ndi yemweyo amene mudzamve mkamwa. Tingayerekeze ndi kalata: la ku Ulaya mumatha kuwonjezera mawu mutachoka patebulo, la ku Asia envelopu imamatidwa pamene dzanja lathyola phesi. Choncho amene akudikira kuti peyala la ku Asia lifewe kuti adziwe kuti lapsa akudikira kuwola kwake.

M'zipatso zake muli timaselo tolimba tomveka ngati mchenga pa lilime, n'chifukwa chake mabuku akale amalitcha peyala la mchenga. Mitundu yatsopano ili nato tochepa.

Mayina a pa kapepala ka ku nazale

Mtundu, m'chilankhulo cha alimi a zipatso, ndi mtengo umodzi umene unakondedwa n'kumachulukitsidwa ndi timitengo todula kwa iwo, osati ndi njere. Mtengo uliwonse wa Hosui padziko lapansi ndi nthambi ya mtengo umodzi woyambirira. Mukadzala njere ya m'chipatso cha Hosui mumera mtengo wa peyala ndithu, koma si Hosui, monga mmene mwana samakhalira chithunzi cha mayi ake.

Mbiri ya mitundu yamakono ya ku Japan imayambira pa mitengo iwiri imene palibe anaikonza dala. Mu 1888, mnyamata wa zaka 13 dzina lake Kakunosuke Matsudo anapeza kamtengo katamera padzala ku Matsudo, m'chigawo cha Chiba, n'kukakaoka kwawo. Kamtengo kameneko ndi kamene kanadzatchedwa Nijisseiki, kutanthauza zaka za m'ma 1900, chifukwa otchulawo ankayembekezera kuti ndi kamene kadzalamulire zaka zimenezo. Mu 1904 mbande zake zinafika ku Tottori, ndipo mpaka lero chigawocho chimadziwika ndi peyala limeneli, la khungu losalala lobiriwira mwachikasu, la madzi ambiri ndi kowawasa pang'ono. Wachiwiri ndi Chojuro, wopezeka ku Kawasaki m'zaka za m'ma 1890, wa khungu lofiirira lokhakhala, mnofu wolimbirapo ndi kakomedwe kozama.

Makhungu awiriwa ndiwo amagawa mapeyala a ku Japan m'magulu awiri, osalala ndi okhakhala. Kusiyanaku si kwa maonekedwe okha. Khungu lokhakhala limabisa timabala, pamene losalala limaonetsa chikwawu chilichonse cha tsamba kapena chala.

Kuchokera pamenepo ofufuza anayamba kukwatitsa mitundu mwadala. Shinko inatuluka mu 1941. Shinseiki, mwana wa Nijisseiki ndi Chojuro, inatuluka mu 1945, ndipo imakondedwa chifukwa imabereka mokhulupirika. Kosui inatuluka mu 1959, imapsa msanga, n'njotsekemera kwambiri, ndipo ndi imene imalimidwa kwambiri ku Japan, koma sikhalitsa ikathyoledwa. Hosui ya mu 1972 imapsa pakati pa nyengo, ili ndi shuga ndi kowawasa pamodzi, ndipo olima ambiri kunja kwa Asia amaiika patsogolo pa kukoma. Niitaka, ya zipatso zikuluzikulu zopitirira theka la kilogalamu, inachokera ku Japan koma inakakhazikika ku Korea, kumene imatchedwa Singo ndipo ndi imene yadzaza minda ya ku Naju ndi madera ena.

Pali mtundu wina wa ku Korea umene umasokoneza ogula chifukwa umagulitsidwa ndi mayina angapo: Korean Giant, Olympic, Dan Bae ndi A-Ri-Rang. Munthu akhoza kugula mitengo iwiri poganiza kuti wagula mitundu iwiri, pamene wagula umodzi kawiri, ndipo tiona kutsogoloku chifukwa chake zimenezi zimapweteka. Umapsa mochedwa ndipo umasungika miyezi yambiri. Ya Li ndi Tsu Li ndi za ku China, zili ndi khosi ngati mapeyala a ku Ulaya ngakhale n'zolimba mnofu, ndipo zimachita maluwa msanga kuposa za ku Japan.

Tulo ta mtengo ndi maola a kuzizira

Apa ndi pamene mitengo yambiri imalepherera, ndipo mwini wake nthawi zambiri sadziwa chifukwa chake, poti mtengo umakhala wamoyo koma osabereka.

Masamba akathothoka, maso a panthambi amagona. Sadzuka chifukwa choti kunja kwafunda basi. Amayamba awerenga kuzizira kumene adutsamo, ndipo kukakwana m'pamene amalola kutentha kuwadzutsa. Ndi njira imene mtengo umadzitetezera kuti masiku ochepa ofunda a pakati pa chisanu asaunamize n'kutulutsa maluwa oti akapserere ndi chisanu chotsatira. Zili ngati munthu wofunika kugona maola ake okwanira. Mukam'dzutsa pakati pa usiku adzuka ndithu, koma mwaulesi, diso limodzi lili chitsekere. Mtengo wosakhuta kuzizira umatero: maso ena amaphukira, ena amafa, maluwa amatuluka apa ndi apo kwa milungu yambiri m'malo motulukira pamodzi, ndipo nthambi zimakhala zambulanda pakati, masamba ali kunsonga kokha.

Njira yakale yoyezera, imene inafala kuyambira cha m'ma 1950, ndi kuwerenga maola amene kutentha kuli pansi pa madigiri 7.2. Mu 1974 ofufuza a ku Utah, ku United States, anabweretsa njira ina imene imapereka mlingo wosiyana pa kutentha kosiyana, n'kumachotsera maola pamene masana atentha kwambiri. Mu 1987 ofufuza a ku Israel anabweretsa yachitatu, imene imati kuzizira kumasonkhana pang'onopang'ono m'timagawo, ndipo kagawo kakakwana sikafufutikanso ngakhale kutenthe. Njira yachitatuyi imagwira bwino m'madera a chisanu chofatsa. Vuto n'lakuti manambala a njira zitatuzi sasinthanitsika, ndipo kapepala ka ku nazale kawirikawiri sikanena njira imene yagwiritsidwa ntchito.

N'chifukwa chake manambala amatsutsana. Ogulitsa mbande ambiri amalemba maola 300 mpaka 500 pa mitundu ngati Hosui ndi Shinseiki, pamene ofufuza a ku Japan amatchula manambala okwererapo pa mitundu yawo ikuluikulu, 800 kapena kuposerapo. Mbali ziwirizi zimayeza zinthu zosiyana pang'ono. Ena amafunsa ngati mtengo ungabereke kalikonse, ena amafunsa ngati pafupifupi maso onse angadzuke pamodzi mokwanira ulimi wamalonda. Langizo langa n'loti munthu atenge nambala ya pa kapepala ngati chiyambi chabe, kenako afufuze ngati mtundu womwewo ukubereka kwa wina amene nyengo yake ikufanana ndi yake. Mtengo wobereka ndi umboni woposa nambala iliyonse.

Madera ofunda ali ndi mitundu yawoyawo yofuna kuzizira kochepa. Ku Taiwan kuli Hengshan, ku Punjab, ku India, kuli Patharnakh. Zipatso zake n'zolimba ndi zamchenga kuposa za ku Japan, koma zimabereka kumene Nijisseiki ingangokhala chilili. Alimi a ku Dongshi, ku Taiwan, anapeza nzeru yodabwitsa m'zaka za m'ma 1970. Chaka chilichonse amatenga maso a maluwa a mitundu ya ku Japan amene akhuta kale kuzizira kumapiri kapena ku Japan komweko, n'kuwamezanitsa limodzilimodzi panthambi za Hengshan m'zigwa zofunda. Disolo limachita maluwa, limabereka, ndipo chaka chamawa ntchito imayambiranso. Ndi ntchito ya manja yochuluka, koma ikusonyeza bwino kuti kuzizira kumawerengedwa m'diso lililonse palokha, osati m'mizu.

Kwina, monga kumwera kwa Brazil, amapopera mankhwala a hydrogen cyanamide kuti adzutse maso ogona. Mankhwalawa ndi oopsa kwa wopopera, ndipo European Union inawachotsa pa mndandanda wa ololedwa mu 2008. Amathandiza mtengo umene kuzizira kwapereweza pang'ono, koma salowa m'malo mwa chisanu chonse.

Mungu: chifukwa chake mtengo umodzi sukwanira

Duwa la peyala lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi, choncho munthu angaganize kuti lingadzikwanire. Koma mtengowu uli ndi njira yokanira mungu wake womwe. Mtundu uliwonse umanyamula zizindikiro ziwiri zachibadwa zimene akatswiri amazitcha S, n'kuzipatsa manambala. Kambewu ka mungu kakagwera paduwa kamamera kachingwe kolowera kumene kuli dzira, ndipo ngati chizindikiro chake chikufanana ndi chimodzi mwa ziwiri za duwalo, kachingweko kamaphedwa panjira. Zili ngati mlonda wa pachipata amene ntchito yake ndi kubweza achibale n'kulowetsa alendo okhaokha.

Zotsatira zake n'zofunika posankha. Nijisseiki ili ndi S2 ndi S4. Kosui ili ndi S4 ndi S5. Hosui ili ndi S3 ndi S5, Chojuro S2 ndi S3. Mitundu yofanana chizindikiro chimodzi imaberekana, chifukwa theka la mungu limadutsa. Koma yofanana zonse ziwiri siberekana ngakhale mayina ndi osiyana: Kosui ndi Shinsui onse ali ndi S4 ndi S5, Nijisseiki ndi Kikusui onse ali ndi S2 ndi S4. Niitaka ili ndi vuto lina, mungu wake ndi wochepa kwambiri ndi wosadalirika, choncho imalandira kwa anzake koma sibwezera. Wodzala Niitaka amafunika mitengo itatu, kuti iwiri inayo iziberekana yokha. Ndipo amene wagula Olympic ndi Korean Giant ali ndi mtengo umodzi wamayina awiri.

Chachiwiri ndi nthawi. Mitundu iwiri ikhoza kugwirizana magazi koma osakumana maluwa. Ya Li imachita maluwa msanga, n'chifukwa chake kawirikawiri imadzalidwa ndi Tsu Li. Mapeyala a ku Ulaya angapereke mungu kwa a ku Asia, koma ambiri amachedwa kuchita maluwa, moti amangokumana ndi mitundu yochedwa. Nazale zina zimalemba kuti Shinseiki ndi Nijisseiki zimabereka zokha. M'nyengo zina zimaberekadi pang'ono, koma ndi mnzake zipatso zimachuluka ndipo zimaumbika bwino, chifukwa chipatso cha njere zochepa chimakula mopendekeka. Mtundu wodziwika wodzibereka wokha ndi Osa-Nijisseiki, nthambi yosinthika chibadwa imene inapezeka ku Tottori.

Njuchi nazo sizikonda kwenikweni maluwa a peyala, chifukwa timadzi take tili ndi shuga wochepa. Pakakhala maluwa ena pafupi zimapita kumeneko. Alimi a ku Japan ndi Korea, komanso a ku Hanyuan m'chigawo cha Sichuan ku China, amapaka mungu ndi manja, duwa ndi duwa, pogwiritsa ntchito timitengo ta nthenga kunsonga. Japan inkagula mungu wochuluka ku China, ndipo mu August 2023 inaimitsa malondawo chifukwa choopa matenda, moti alimi anayamba kudzikololera okha mungu mwachangu. Wokhala ndi malo a mtengo umodzi wokha angathe kumezanitsa nthambi ya mtundu wina pa mtengo womwewo, bola aziidulira mosamala kuti yamphamvu isaphimbe inzake.

Mizu ya mtengo wina

Mbande ya ku nazale ndi mitengo iwiri yomezanitsidwa. Kumtunda kuli mtundu wa chipatso, kunsi kuli tsinde ndi mizu ya mtengo wina wosankhidwa chifukwa cha mphamvu zake. Ndi maziko ndi nyumba: alendo amayamikira nyumba, koma chimene chimapirira nthaka ndi maziko. Ogula ambiri safunsa dzina la tsinde lapansi, pamene ilo ndi limene limalamula kukula kwa mtengo, kupirira kwake ndi kukula kwa zipatso.

Pyrus betulifolia imapereka mtengo wamphamvu, imapirira nthaka yonyowa ndi yowuma yomwe, ndipo zipatso zimakula bwino. Pyrus calleryana imayenera madera ofunda ndipo imalimbana ndi matenda, koma ku United States mtengowu unathawa m'minda n'kufalikira m'tchire ngati udzu wosafunika, moti boma la Ohio linaletsa kuugulitsa kuyambira 2023. Pyrus ussuriensis ndi wa kumalo a chisanu choopsa. Palinso gulu la OHxF, limene dzina lake linachokera ku mitengo iwiri ya ku Illinois yotchedwa Old Home ndi Farmingdale, ndipo linasankhidwa ku Oregon, ku United States komweko. Mizu ya quince, mtengo wina wapachibale ndi peyala, imene imafupikitsa mapeyala a ku Ulaya, sigwirizana ndi mitundu yambiri ya ku Asia.

Pa maapozi olima amafuna mizu yofupikitsa. Pa mapeyala a ku Asia ambiri amafuna yamphamvu, chifukwa mtengowu umayamba kubereka udakali wamng'ono, zaka ziwiri mpaka zinayi utadzalidwa, ndipo umabereka mopyola mphamvu zake. Pa mizu yofooka umapinimbira.

Kadzalidwe kake n'kosavuta. Pafunika dzuwa la tsiku lonse, nthaka yosadikha madzi ya pH (muyeso wa asidi wa m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 6.5, mpata wa mamita 4 kapena 5 pakati pa mitengo, ndi mfundo ya pomezanitsa kukhala pamwamba pa dothi. Mphukira zotuluka kunsi kwa mfundoyo n'za tsinde lapansi ndipo zichotsedwe msanga.

Matenda amene amasankhira mlimi

Oopsa kwambiri ndi fire blight, oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Erwinia amylovora. Dzinalo likunena za maonekedwe: maluwa ndi nthambi zimada ngati zawauka ndi moto, nsonga yanthete imapindika ngati ndodo ya mbusa, ndipo masamba akufa amakanirira panthambi. Anaonedwa koyamba m'chigwa cha Hudson ku New York mu 1780, ndipo patatha zaka pafupifupi 100 Thomas Burrill wa ku Illinois anasonyeza kuti oyambitsa ndi mabakiteriya. Anafika ku New Zealand mu 1919, ku England mu 1957, ndi ku South Korea mu 2015, kumene minda yogwidwa imazulidwa n'kukwiriridwa.

Mabakiteriyawa amalowera m'maluwa nyengo ikakhala yofunda, kupitirira madigiri 18, ndi yachinyezi, ndipo njuchi zomwe zija zimawanyamula. Nthambi zanthete zokula mothamanga ndizo zimagwidwa msanga, choncho feteleza wa nayitrojeni wambiri amaitana matenda. Nthambi yodwala imadulidwa masentimita 30 kunsi kwa pamene matenda akuonekera, kunja kuli kouma, ndipo chodulira chimatsukidwa ndi mankhwala pakati pa kudula kulikonse. Shinko imadziwika kuti imapirira bwino kuposa anzake, Korean Giant imayesetsa, pamene Hosui ndi Nijisseiki zimagwidwa mosavuta. Apa ndi pamene kukoma ndi kupirira zimakokerana. Kumene matendawa ali ambiri, wosankha Hosui adziwe kuti wasankhanso kuyendera mitengo yake pafupipafupi ndi chodulira m'manja. Kumene kulibe, nkhaniyi imasanduka chifukwa chomveka chosalowetsera timitengo tomezanitsira kuchokera kunja popanda chilolezo.

Nijisseiki ili ndi mdani wakewake, nkhungu ya Alternaria yobweretsa madontho akuda. Ofufuza a ku Ibaraki, ku Japan, anaika mitengo m'munda wowombedwa ndi cheza cha gamma kwa zaka zambiri, n'kupeza nthambi yosagwidwa ndi matendawa, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina loti Gold Nijisseiki. Palinso chiwawu chofiira chimene moyo wake umafuna mitengo iwiri, peyala ndi juniper (mtengo wonga mkungudza), ndipo matauni ena olima mapeyala m'chigawo cha Chiba ali ndi malamulo oletsa kudzala juniper pafupi ndi minda.

Kupatulira: ntchito imene mtima umakana

Tsango limodzi limakhala ndi maluwa pafupifupi asanu ndi atatu, ndipo pa peyala la ku Asia ambiri amagwira. Mtengo wosapatulidwa umadzaza tizipatso tating'ono tosakoma, nthambi zimathyoka, ndipo chaka chotsatira umapuma osabereka. Lamulo lodziwika ndi kusiya chipatso chimodzi pa tsango, ndi mpata wa masentimita pafupifupi 15 pakati pa zipatso. Izi zikutanthauza kutaya zochuluka kuposa zimene mwasiya.

Ndikudziwa kuti dzanja limalemera pochita zimenezi, makamaka chaka choyamba mtengo utabereka pambuyo pa kudikira. Koma masamba a mtengo ndi mphika umodzi, ndipo shuga amene amaphika amagawidwa kwa onse okhala pamphasa. Nthawi nayo ndi yofunika. Maselo a chipatso amachulukana m'milungu yoyambirira maluwa atayoyoka, kenako amangofufuma. Wopatulira mkati mwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi amathandiza chipatso kupanga maselo ambiri, pamene wochedwa amangochepetsa katundu panthambi.

Ku Japan zipatso zotsalazo zimavekedwa timatumba ta pepala, ndipo Nijisseiki imavekedwa kawiri, kakang'ono poyamba, kakakulu pambuyo pake, kuteteza khungu ku matenda, tizilombo ndi dzuwa. Nthambi zimayalidwa pa thandala la mawaya lotalika pafupifupi mamita 1.8, kuti namondwe wa nyengo yokolola asagwetse zipatso ndiponso kuti manja azifikira. Kumene kulibe mphepo zotere thandala silofunika, koma kutambasula nthambi kumathandizabe, chifukwa mtengowu umakonda kuloza kumwamba ndipo nthambi yogonekedwa ndi imene imachita maluwa msanga.

Pokolola, mtundu wa khungu umathandiza, lobiriwira likayamba chikasu kapena lofiirira likayamba kuwala ngati golide, koma chiweruzo chenicheni ndi kulawa. Zipatso sizipsera pamodzi, choncho mtengo umodzi umathyoledwa maulendo awiri kapena atatu. Ngakhale n'zolimba, khungu lake ndi lanthete ndipo limada likakhulana, n'chifukwa chake m'masitolo mumaziona zitavala timaukonde tofewa. Pa digiri 0 kapena 1, pachinyezi chambiri, Shinko ndi Korean Giant zimakhala miyezi ingapo, Kosui ayi. Hosui ikachedwa pamtengo mnofu wake umalowa madzi n'kuoneka ngati galasi, ndipo Ya Li ikaziziritsidwa mwadzidzidzi imada mkati.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi la kuzizira komweko. Akatswiri sanagwirizane njira imodzi yoyezera, ndipo mitundu yambiri sinayezedwe mosamala m'madera ofunda. Kumwera kwa Japan, pa chilumba cha Kyushu, alimi aona maso a maluwa akufa pambuyo pa nyengo zozizira zofatsa. Funso n'lakuti kodi Kosui ndi Hosui zidzatha kukhalabe kumene zakhala, kapena minda idzasamukira kumpoto ndi kumapiri. Obereketsa mitundu akukwatitsa ya ku Japan ndi yofuna kuzizira kochepa ngati Hengshan, koma sizinadziwike ngati ana ake adzafike pa kukoma kwa makolo awo a ku Japan, ndipo mtundu watsopano wa peyala umatenga zaka zambiri kuti uyesedwe.

Lachiwiri ndi la mizu. Mapeyala alibe tsinde lofupikitsa lodalirika ngati limene maapozi ali nalo, ndipo olima amasiyana maganizo ngati peyala la ku Asia likulifunadi, poti ena amati mtengo waufupi umachepetsa ntchito pamene ena amati umachepetsa chipatso.

Lachitatu ndi la manja. Kupaka mungu, kupatulira, kuveka timatumba ndi kuthyola maulendo angapo zonse ndi ntchito za anthu, ndipo alimi a ku Japan ndi Korea akukalamba. Mitundu yodzibereka yokha ingachotse ntchito ya mungu, koma imagwira zipatso zambiri n'kuwonjezera ntchito yopatulira. Ku Kanagawa, ku Japan, anayambitsa njira yolumikiza mitengo yoyandikana kukhala mzere umodzi wowongoka kuti ntchito iphweke, ndipo nthawi ndi imene idzaonetse mmene minda yotere idzakhalire ikakalamba.

Lomaliza ndi fire blight. M'madera ena mabakiteriyawa anasiya kumva mankhwala a streptomycin, mayiko ena salola mankhwala otere pa mitengo, ndipo matendawa angofika kumene kum'mawa kwa Asia, kwawo kwa mitengoyi, kumene mitundu yotchuka inasankhidwa popanda kuyesedwa nawo. Kodi kuzula ndi kukwirira minda kudzawaimitsa, kapena alimi adzayenera kuphunzira kukhala nawo monga anachitira a ku America ndi Ulaya? Ndipo ngati adzatero, kodi ogula adzalandira mitundu yopirira m'malo mwa imene anaizolowera?